Momwe mungalembere nkhani yachikondi ya munthu ndi cholengedwa choumbidwa mwamatsenga

Nkhani zambiri za mtundu umenewu zimapunthwa pamwala umodzi. Wamatsenga aumba mwamuna wokongola, amuuzira moyo, ndipo mwamunayo amukonda kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Wowerenga amangoyasamula, chifukwa amene sangathe kukana ndiye kuti akungomvera. Zonse zili m'munsimu zikuzungulira pa vuto limeneli.

Yambani ndi thupi. Musanaganize za kupsompsonana, dziwani kuti woumbidwayo ndi wadongo, wamtengo, wamkuwa kapena wagalasi. Chimene mwasankhacho chidzakupatsani zochitika zambiri mosavutikira. Wadongo amaopa mvula, ndipo kunja kukatentha amachita ming'alu m'zigongono. Wokondedwa wake amakhala pansi usiku ndi kambale ka madzi, kumata ming'aluyo ndi chala umodziumodzi, wina osalankhula kanthu. Wamkuwa amazizira, ndiye amayamba waothera moto manja ake asanagwire mnzake patsaya. Mukalemba zotere simufunikanso kutiuza kuti "anakondana kwambiri". Taziona kale.

Chachiwiri, ikani malamulo a matsenga anu. Nthano yachiyuda ya golem wa ku Prague imaphunzitsa bwino zimenezi. Amati Rabbi Judah Loew, yemwe anakhalako m'zaka za m'ma 1500, anaumba golem, chimunthu chadongo choti chiziteteza Ayuda a mumzindawo. Ena posimba za golem amati pamphumi pake pamalembedwa liwu lachihebri loti emet, kutanthauza choonadi, ndipo ukafufuta chilembo choyamba pamatsala met, kutanthauza wakufa. Moyo wonse uli pa chilembo chimodzi. Tangoganizani, m'nkhani yachikondi, cholengedwa chotere chikuweramitsa mutu kuti mnzake achigwire pamphumi. Musakope zimenezi, pezani zanuzanu, koma zikhale zakuthwa chomwecho. Lembani malamulo atatu kapena anayi papepala: moyowo umachokera kuti, umatha bwanji, woupereka amataya chiyani. Mukafika mutu 20 nkhani itakuthinani, musaphwanye lamulo pofuna kupulumutsa munthu. Owerenga amakumbukira.

Chachitatu, ndipo apa mpofunika kukhalitsapo, mpatseni woumbidwayo mphamvu yonena kuti ayi. Zolengedwa zimenezi mbiri yake ndi yaukapolo. Ngakhale liwu loti robot linachokera ku robota, liwu la ku Czech lotanthauza ntchito yokakamiza, ndipo linatchuka kudzera m'sewero la Karel Čapek la mu 1920. M'nthano yakale ya Pygmalion, mmisiri wa dzina limeneli akonda chiboliboli cha minyanga ya njovu chomwe wasema yekha, mulungu wamkazi wa chikondi achipatsa moyo, ndipo akwatirana. Monga momwe Ovid, mlakatuli wakale wa ku Roma, anaisimbira, mkaziyo satulutsa liwu ngakhale limodzi. Ine ndikaiwerenga pamenepa mpomwe pamandiwawa, komanso mpomwe pali nkhani imene inu mungalembe.

Njira zilipo zingapo. Wokondedwayo asakhale amene anamuumba, akhale wina wongokumana naye. Kapena akhale woumbayo ndithu, koma athyole yekha chingwe cholamulira, akudziwa kuti mawa akhoza kudzuka n'kupeza chitseko chili pululu. Kukanako kuyambe pa zazing'ono. Atumidwe kukatseka zenera, iye ayime kaye n'kunena kuti akufuna kumvera mphepo. Patsogolo akane chinthu chachikulu, chimene chimupweteke mnzakeyo. Akadzati "ndikukufuna", wowerenga amukhulupirira chifukwa anamumvapo akukana.

Pali china chomwe olemba ena amachidumpha. Iyi ndi nkhani ya akuluakulu, ndiye onse awiri akhale akuluakulu m'maganizo momwe, osati msinkhu wokha. Cholengedwa chomwe chatsegula maso dzulo, chosadziwa dzina la supuni, sichingalowe m'chibwenzi. Chipatseni zaka, ntchito, anzake, ngakhale zokhumudwitsa zake.

Chachinayi, musaiwale wamagaziyo. Nayenso akhale ndi bala lake. N'chifukwa chiyani akumasuka ndi munthu wadongo kuposa anthu anzake? Mwina amaopa kusiyidwa, ndiye anafuna wina woti sangachoke. Mukatero chingwe chija chimamanga onse awiri.

Chachisanu ndi zakuchipinda. Sankhani msanga ngati muzitseka chitseko kapena wowerenga azilowa nawo, ndipo musasinthesinthe pakati pa buku. Zibwere ufulu uja utapezeka kale. Musathamange, paja kuona maso a nkhono n'kudekha: kugundana zala pamutu 5 kukhoza kugwira mtima kuposa masamba khumi a pabedi. Mukafikapo, bwererani ku thupi lija. Kodi amapuma? Mnzake akatsamira pachifuwa pake amamva chiyani, kugunda kwa mtima, kulira kwa mawilo ang'onoang'ono, kapena zii? Mafunso amenewa awiriwo akhoza kufunsana okha, mwamanyazi, mwinanso akuseka.

Za mathero, owerenga nkhani zachikondi amayembekezera kuti awiriwo atsala limodzi ali osangalala, ndipo mukawaphera mmodzi patsamba lomaliza sakukhululukirani. Koma pewani njira yachidule yomusandutsa woumbidwayo munthu weniweni. Kutero kuli ngati kunena kuti momwe analili sanali woyenera kukondedwa. Msiyeni akhale wadongo, ming'alu izibwerabe chaka ndi chaka, mnzake azikalamba iye osakalamba, ndipo akambirane zimenezi maso ndi maso.

Mukamaliza kulemba, lisiyeni bukulo milungu iwiri. Kenako tengani cholembera chofiira, muwerenge kuyambira pachiyambi, muzichonga paliponse pomwe woumbidwayo wachita chinthu chimene palibe anamutuma. Mukadutsa mitu itatu yotsatizana popanda chochonga, mitu imeneyo ilembeninso.