Mmene ndinawongolera makoma a kabwalo ka zisudzo koyerekezera

Ndinkapanga kabwalo kakang'ono ka zisudzo koyerekezera, kuti anzanga ochita sewero aone mmene makoma, chitseko ndi mipando zidzakhalire tisanagule matabwa. Ndinatsatira muyeso wa 1:25, umene okonza mabwalo a zisudzo ku Britain amagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo pa muyeso umenewu munthu wotalika masentimita 175 amakhala wa masentimita 7 okha.

Vuto linabuka nditapaka utoto, pakuti makoma a katoni anapindika onse moti chitseko chinaleka kutsekeka. Chimachititsa zimenezi n'chakuti utoto wosungunula ndi madzi umafufumitsa mbali imene wapakidwa, ndipo mbaliyo ikamauma imakhwinyata n'kukoka khoma lonse. Choncho ndinadula makoma atsopano, n'kumata pepala mbali zonse ziwiri ndi guluu wochepa, kenako ndinapaka utoto ngakhale kumbuyo kumene oonera sakuona, kuti kukokanako kufanane. Utoto utauma pamwamba, ndinawatsindikiza ndi mabuku olemera mpaka m'mawa. Chimene chinathandiza koposa, m'kuona kwanga, ndi timizere ta katoni timene ndinamata kumbuyo mopingasa makwinya a m'kati, chifukwa katoni imapindika mosavuta motsatira makwinyawo. Tsopano makomawo aima chilili, ndipo chitseko chikutsekeka bwinobwino.