Momwe mungasewerere GTA San Andreas osathera ndalama zanu pothawa apolisi

Ndili ndi kachipinda ka magemu kuno ku Ulongué, kuseri kwa malo ometera tsitsi a achimwene anga. Muli ma TV awiri, ma PlayStation 2 awiri okalamba, benchi imodzi, ndi ndowa yovundikira imene imakhala mpando wa wobwera mochedwa. Anyamata amalipira pa theka la ola. Zaka zonsezi ndaona chinthu chimodzimodzi: munthu watsopano akangogwira GTA San Andreas, amamenya munthu woyamba kukumana naye pamsewu, apolisi n'kumuthamangitsa, n'kufa, n'kudzukira pakhomo la chipatala, n'kukamenyanso wina. Nthawi ikatha amadzuka akuseka, koma mufunseni kumene kuli nyumba ya CJ, munthu amene mumamuyendetsa m'gemuyo, angokuyang'anani. Ndalama yake ndalandira, inde, koma gemuyo sanaione n'komwe.

Gemu imeneyi inatuluka mu 2004, anaipanga ndi a Rockstar North a ku Edinburgh, ku Scotland. Nkhani yake ikuchitika mu 1992. Carl Johnson, amene aliyense amangoti CJ, wabwerera kwawo ku Los Santos kudzaika maliro a mayi ake, ndipo wapeza gulu la m'dera lawo, la zovala zobiriwira la Grove Street, litafooka, adani awo a Ballas ovala zapepo atatenga misewu. Los Santos anaitengera ku Los Angeles. Kutsogolo kuli mizinda ina iwiri, San Fierro yofanana ndi San Francisco ndi Las Venturas yofanana ndi Las Vegas, ndipo pakati pake pali midzi, mapiri ndi chipululu. Musathamangire kumeneko. Pachiyambi milatho imakhala yotseka, ndipo mukawoloka mwamakani posambira, nyenyezi 4 zosonyeza kuti apolisi akukusakani zimakugwerani nthawi yomweyo.

Theka la ola lanu loyamba ligwiritseni ntchito chonchi. Wapolisi wachinyengo uja, Tenpenny, akakutayani m'dera la a Ballas, patsogolo panu pali njinga yakapalasa. Dinani batani la makona atatu kuti mukwere. Batani lomwelo ndi lolowera ndi kutulukira m'galimoto iliyonse. X ndi wopalasira, ndipo mukamamudina pafupipafupi njinga imathamanga. M'galimoto X ndi moto, la folokona ndi buleki komanso kubwerera m'mbuyo, R1 ndi buleki yamanja yokhotera pakona. Pansi kumanzere kwa sikirini kuli kamapu kozungulira. Maso anu azolowere kuponyako diso monga momwe woyendetsa amaponyera pagalasi. Tsatirani chizindikirocho mpaka mukafike ku Grove Street, m'dera la Ganton, kamsewu kothera pabwalo lozungulira.

Mishoni zoyamba, ntchito zimene gemu imakupatsani, zikatha ndipo nyumba yatseguka, lowani, pitani kukhichini, mupondepo pa kadisiki kozungulira kali pamenepo, museve, ndiko kusunga pamene mwafika. Ndikunena izi mokweza chifukwa cha kwathu kuno. Nyengo ya mvula magetsi amatha kuthima mphezi isanamveke n'komwe, ndipo chilichonse chimene simunaseve chapita. Pa PlayStation 2 gemu siidzisevera yokha. Mwamaliza mishoni, pitani kunyumba kaye, ngakhale anzanu pabenchi akukuwa kuti pitiriza, pitiriza. Kuseva kumabwezeretsanso moyo wa CJ ndipo kumakankha wotchi ya m'gemu ndi maola 6, ndiye ngati mdima ukukusokonezani, sevani kawiri kuche. Wotchiyo imathamanga: sekondi imodzi yathu ndi mphindi imodzi kumeneko, kutanthauza kuti theka la ola limene mwalipira ndi tsiku lathunthu ndi kakotala pamwamba.

Tsopano za msewu. Ife ku Mozambique timayendetsa kumanzere, ku Malawi mukadutsa pa Calomué n'chimodzimodzi. Ku Los Santos amayenda kumanja. Zimaoneka ngati nkhani yaing'ono mpaka mutaona zimene ndinaona ine. Kunabwera mnyamata wina wa kabaza wa ku Dómuè, katswiri weniweni, munthu woti amanyamula matumba awiri a mbatata ya kachewere panjinga yamoto m'matope a Febuluwale osagwa. Anakhala pandowa paja, n'kutenga galimoto yofiira, n'kulowa mumsewu waukulu mbali imene thupi lake linazolowera. Anagundana ndi galimoto zitatu motsatizana, yachinayi inali ya apolisi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, anthu a kuno onse aledzera kapena?" Ndinamuuza kuti woledzera ndi iweyo. Choncho tengani galimoto yosathamanga kwambiri, muzungulire Ganton ndi Idlewood kwa mphindi zisanu popanda cholinga, muone pamene pali malo odyera, malo opentera galimoto ndi tinjira ta kuseri kwa nyumba. Galimoto ikayamba kufuka utsi wakuda isiyeni. Ikayaka moto dumphani msanga muthawe, iphulika.

Nkhani yaikulu ndi ya apolisi, pakuti ndi imene imadya nthawi ya anthu. Pamwamba kumanja kumayaka nyenyezi, kuyambira 1 mpaka 6. Nyenyezi imodzi si mlandu: wapolisi amakuthamangitsani ndi chibonga, ndipo mukachokapo n'kukhala phee imazima yokha. Vuto ndi mtima wa anyamata. Wapolisi akawagwira malaya amabwezera, nyenyezi n'kukhala ziwiri, mfuti n'kuyamba kulira. Zikafika zitatu helikopita ili pamutu panu ndipo misewu ayamba kutchinga. Kupitirira apo kumabwera magulu apadera, ndipo pa 6 ndi asilikali ndi akasinja awo. Palibe amene amapambana nkhondo imeneyi, chifukwa apolisi a m'gemu satha. Mukagwidwa kapena kufa mumataya zida zanu ndi kandalama, ndipo ngati munali pa mishoni mwalephera.

Njira yozimitsira ndi iyi. Pamapu pali chizindikiro cha kachitini kopopera penti. Amenewo ndi malo otchedwa Pay 'n' Spray, ndipo apafupi ndi kwanu ali ku Idlewood. Lowetsani galimoto m'galajimo, chitseko chitsekeka, alipiritsa madola 100, galimoto ituluka yokonzedwa ndi mtundu wina. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mukatuluka nyenyezi zija zimakhala zikuphethira kwa kanthawi, ndipo mukagunda munthu kapena galimoto ya apolisi zisanazime, zonse zimabwerera. Tulukani ngati mukuperekeza mkwatibwi. Dziwaninso kuti galimoto ya apolisi salandira kumeneko, ndiye ngati mwaba imeneyo sinthani kaye. Ngati nyumba yanu ili pafupi kuposa galaji, thamangirani m'nyumba mukasinthe zovala kapena museve, nyenyezi zichoka. M'tinjira tina mobisika muli tinyenyezi toyandama, mukadutsapo imodzi imachotsedwa. Ine ndimaloweza pamene ndatipeza monga momwe mayi amalowezera pamene nkhuku yake imaikira.

Thupi la CJ nalo limafuna kusamalidwa, ndipo apa San Andreas inasiyana ndi magemu anzake. Amamva njala. Mukamusiya osadya mafuta amatha, kenako minofu, kenako moyo. Mukamudyetsa kwambiri ku Cluckin' Bell kapena ku Burger Shot amanenepa mpaka kulephera kudumpha mpanda, ndipo mukapitiriza kugula nthawi imodzi amasanza pomwepo. Ku Ganton kuli jimu, koma tsiku lililonse ili ndi malire ake, ndiye musathere theka la ola lanu mukunyamula zitsulo. Kupalasa njinga ndi kuthamanga wapansi kumalimbitsa mpweya kwaulere. Amene munazolowera GTA Vice City ya 2002, kumene munthu ankamira akangogwa m'madzi, musaope nyanja: CJ amasambira, ndipo kutsogolo kuli mishoni imene siyamba ngati sanazolowere kukhalitsa pansi pa madzi.

Ndalama zoyambira musazifune polanda anthu pamsewu, n'zochepa ndipo zimabwera ndi nyenyezi. Chodabwitsa cha gemu ya zigawenga imeneyi n'chakuti ntchito zabwino ndi zimene zimalipira zinthu zokhalitsa. Lowani mu takisi, dinani kandodo ka kumanja kuti kalire, muyambe kunyamula anthu. Palibe njira ina yophunzirira mzinda yoposa imeneyi, mofanana ndi momwe wa kabaza amadziwira njira zonse za m'tauni kuposa mwini galimoto. Ambulansi mukafika nayo pa gawo 12 moyo wa CJ umatalika mpaka mapeto a gemu. Galimoto yozimitsa moto pa gawo 12 imachititsa kuti moto usamamuwotche. Ya ambulansi ndi bwino kuidikira mpaka nkhani itakufikitsani ku kamudzi ka Angel Pine, kumene odwala amakhala pafupi ndi chipatala.

Pali mishoni imodzi imene yathyola mabatani anga kuposa zonse, ya sitima. Muli panjinga yamoto, Big Smoke, mnzake wa CJ, wakhala kumbuyo ndi mfuti, ndipo adani 4 ali pamwamba pa sitima imene ikuthamanga. Aliyense amaganiza kuti kuyandikira ndi kuthandiza, ndiye amamatirira m'mbali mwa sitimayo. Zipolopolo za Smoke zimangomenya chitsulo, chifukwa kuchokera pansi pomwepo denga silioneka. Taganizani mukufuna kugenda nkhunda ili padenga la nyumba: simuima mutatsamira khoma, mumabwerera m'mbuyo. Yendani cha kumanja, kunja kwa njanji yachiwiri, musiye mpata, ndipo mulingane ndi kutsogolo kwa sitima kumene kuli adaniwo, osati kumchira. Maso akhale kutsogolo, pakuti panjanji yachiwiriyo pamabwera sitima ina yoyang'anizana nanu. Kuwombera musiyireni mwini wake.

Za makodi, mabatani achinsinsi aja obera gemu, ndinene mosabisa, chifukwa ndikudziwa kuti theka la inu muli ndi kapepala kopindapinda m'thumba. Ija ya moyo, chovala choteteza ndi madola 250,000 ndimaidziwa ngati dzina langa: R1, R2, L1, X, kenako kumanzere, pansi, kumanja, m'mwamba, kawiri. Pa kompyuta amalemba HESOYAM. Sindiletsa. Chimene ndimaletsa ndi kuseva mutalowetsa kodi, ndipo lamuloli ndinaligula ndi misozi. Pa memore khadi gemu imakupatsani malo 8 osevera. Oyamba anali anga, ndinali nditafika ku Las Venturas patatha miyezi ndikusewera usiku makasitomala atapita, m'kuzizira kwa Juni kuja koti zala zimakana kupinda. Tsiku lina ndinapita kumsika ndikusiya mphwanga pakhomo. Mnyamata wina anatsegula malo angawo, n'kulowetsa kodi yochititsa anthu a m'misewu kumenyana okhaokha, anasangalala nayo, pomaliza n'kuseva pomwepo. Kodi imeneyo ikalowa mu sevu siichoka. Ndinapirira nazo mpaka pa mishoni ya woimba uja Madd Dogg, amene amaima pamwamba pa nyumba ya juga akufuna kudziponya, iwe n'kumuwakha ndi galimoto. Kwa ine ankadumpha ndisanafike n'komwe pagalimotoyo. Ndinayesa kakhumi, ndinapukuta chimbale ndi malaya, ndinatukwana makina osalakwa. Mapeto ake ndinayambiranso pa njinga yakapalasa ija. Lero memore khadi yanga imagona m'thumba la jekete, ndipo pakhoma ndinalemba ndi choko dzina la mwini malo aliwonse osevera. Inunso sevani malo awiri mosinthanasinthana, kuti ena akaonongeka ena atsale.

Amene mukusewerera pafoni, gemuyi inafika pa Android kumapeto kwa 2013, ndipo kumeneko ili ndi chifundo: mukalephera mishoni zambiri imakubwezerani pafupi. Ndi yolemera, choncho musaikoke ndi tidata ta tsiku limodzi. Amene mwapeza mwayi wa GTA V ya 2013 kwa wachibale ku Tete kapena ku Moatize, mzinda ndi Los Santos yemweyo koma apolisi ndi ena. Nyenyezi zimathera pa 5, ndipo chofunika ndi kuchoka m'maso mwawo. Akakusowani nyenyezi zimayamba kuphethira, pamapu pamaoneka mbali imene wapolisi aliyense akuyang'ana, inu n'kubisala pansi pa mlatho kapena kuseri kwa nyumba mpaka zizime. Ilinso ndi mawu olembedwa m'Chipwitikizi cha ku Brazil, ndiye nkhani mumaitsatira bwino.

Pachikuto cha chimbale analembapo zaka 18, ndipo sanalembe mongokongoletsa: muli kutukwana, kuwombera ndi za mankhwala ozunguza bongo. Kwa ine mwana wamng'ono amasewera mpira kapena mpikisano wa galimoto, ndipo wovala yunifomu nthawi ya sukulu salowa. Mlungu wathawu mayi wina anabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu kudzafuna mwana wake, anasuzumira pakhomo n'kuona mnyamata wamkulu akuyendetsa ambulansi pa TV yachiwiri. Anaima kanthawi, n'kufunsa kuti, "Bambo, odwalawo akuwapititsa chipatala chiti?" Ndinawauza kuti cha ku Jefferson, mayi, kutchula dera la m'gemumo. Anati sanamvepo, n'kumukoka mwana wawo pa mpira paja zigoli zili 2 kwa 1.