Momwe mungatolere ndi kujambula zigoba za nkhono m'mbali mwa Zambezi

Kuno ku Tete nyanja yamchere tilibe, ili kutali ku Beira uko. Koma mchenga wa Zambezi uli ndi zakezake: zigoba za nkhono zopotana, zina zapawiri zonyezimira mkati, ndi timiyala tosalala. Ine ndimakonda kutola pomwe mtsinje wa Revúbuè umathira mu Zambezi.

Pitani madzi ataphwa, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo mulawire. Dzuwa la Okutobala kuno limapitirira madigiri 40, pofika 9 koloko mchenga umaotcha ngakhale mutavala masilipasi. Mukafika funsani asodzi pomwe ng'ona zimaothera dzuwa. Dziwaninso kuti madzi amatha kukwera kunja kuli ngwee, akatsegula ku damu la Cahora Bassa ku Songo. M'madzi odikha musapondemo, tinkhono tofalitsa likodzo timakhala momwemo. Tolani zouma zokhazokha, zopanda mwini mkati.

Tsono kutsuka, apa mpomwe ndinapsa nazo. Ulendo woyamba ndinabwera ndi zigoba zodzaza chitini, zina zili ndi ndere. Mkulu wina wogulitsa zokongoletsera pamsika anandiuza kuti ndiziviike mu viniga usiku wonse, nandigulitsa botolo la vinigayo pa mametikali 80. Nditangothira, zinayamba kutulutsa thovu, ine n'kumati ndiye litsiro likuchoka limenelo. Kutacha ndinapeza zabwino zonse zitayera mbuu ngati choko, zopyapyala zitabooka, kunyezimira kuja kulibe. China ndinangochigwira n'kufumbutuka m'manja. Chigoba ndi laimu, ndiye chilichonse chowawasa, kaya viniga kaya ndimu, chimachidya. Thovu lija n'chigobacho chikusungunuka.

Panopa ndimaviika m'madzi ofunda a sopo kwa ola limodzi, kenako n'kukwecha pang'onopang'ono ndi mswachi wakale. Zonunkha ndimazidonthezera javel (mankhwala oyeretsera zovala aja) pang'ono m'madzi ambiri, mphindi khumi basi, n'kutsukuluza kawiri. Muyanike pamthunzi. Zapawiri zija mukaziika padzuwa zimang'aluka, khungu lakunja n'kumasupuka. Zikauma pakani kadontho ka mafuta odzoza ana ndi kansalu, mtundu umabwerera. Mafuta ophikira ayi, nyerere zidzakuchezerani.

Mkulu uja ndinam'pezanso akugulitsa zigoba zopaka vanishi, akuti za mu Zambezi, chonsecho n'zakunyanja. Zanu musapake vanishi, pachithunzi zimaoneka ngati pulasitiki.

Kujambula foni ikukwana. Pukutani kagalasi ka kamera, zimitsani fulashi, khalani pafupi ndi zenera kapena pakhonde. Pansi yalani nsalu yakuda, chitenje chamaluwa chimabisa chigobacho. Ikani ndalama yachitsulo pambali kuti anthu aone kukula kwake. Jambulani kawiri, kumsana ndi kukamwa. Mbali ikada, yandikizani pepala loyera.

Mukafika ku Mágoè, kumwera kwa Cahora Bassa, mudzaona mitengo yakalekale yosanduka miyala. Imeneyo jambulani pomwe ili n'kuisiya, derali lili ndi paki ya boma kuyambira 2013.

Zotsalazo n'zodziwikiratu. Lembani tsiku ndi malo pakapepala, sungani m'mabokosi a machesi kapena m'botolo la mayonezi, thonje pansi. Potumiza pa WhatsApp sankhani kutumiza ngati dokyumenti, apo ayi timizere ta pachigoba sitioneka.