Corta-mato: masabata atatu omaliza ana athu asanatsikire ku Tete

Aphunzitsi anzanga a Educação Física (maphunziro olimbitsa thupi), komanso inu makolo amene ana anu asankhidwa kukathamanga corta-mato, mpikisano wothamanga mtunda wautali m'tchire ndi m'zitunda, ndati tikambirane za masabata atatu omaliza mpikisano waukulu wa ku Tete usanafike, chifukwa m'masukulu amene ndimayendera kuno ku Angónia, ku Tsangano mpaka ku Macanga ndikuona chinthu chimodzimodzi, ana timawakonzekeretsa bwinobwino miyezi yonse kenako nkuwaononga tokha kumapeto kwenikweniku.

Ana athu akumtunda kuno ali ndi mwayi umene anzawo akuchigwa alibe. Ulongwe ali pamwamba mamita opitirira 1,200, phiri la Domwe limapitirira 2,000, ndiye mpweya wakuno ndi wopepuka ndipo thupi la mwana wokulira kuno linazolowera kugwira ntchito ndi mpweya wochepa. Ndi chifukwa chomwechonso akatswiri a ku Kenya amakakhala ku Iten, mamita pafupifupi 2,400 pamwamba. Onjezanipo kuti mwana yemweyu amayenda wapansi kupita kusukulu, kukwera zitunda, kusenza matumba a kachewere kuchokera kudimba. Miyendo ndi chifuwa alinazo kale. Chimene alibe ndi kudziwa kutentha kwa ku Tete komanso kudziwa kugawa mphamvu zake pa mtunda wonse.

Chaka china ndinaperekeza ana a sukulu ina ya sekondale. Panali mtsikana wa zaka 16 amene kuno palibe ankamuona nkomwe, pa chitunda ankakwera ngati akutsetsereka. Sabata lomaliza aphunzitsi ake chifukwa chomufunira zabwino anamuonjezera, m'mawa kuthamanga madzulo kuthamanga mpaka Lachinayi. Amalume ake anamugulira sapatilya (nsapato zothamangira) zatsopano pamsika Lachisanu, tinakwera chapa (minibasi) tsiku lomwelo makilomita opitirira 200 titapanikizana, mwana osamwa madzi njira yonse poopa kuti afuna kutsika, madzulo tafika nkudya kanyenya wa mbuzi. M'mawa wezulo italira anatuluka ngati mphezi, kilomita yoyamba anali yekhayekha kutsogolo. Ndinaima pa kakhwawa kamene ankadutsa kachiwiri ndipo nditamuona ndinadziwiratu kuti zavuta, milomo yayera mbuu, mutu wagwera kumbuyo, manja akupalasa mphepo, phazi lamanja akuponda chammbali. Anamaliza koma akuyenda. Titamuvula nsapato sokosi inali itamatirira pa thuza lophulika pachidendene, magazi atauma, iye akungolira kuti aphunzitsi ndachititsa manyazi sukulu. Zinandipweteka kwambiri chifukwa mwanayo sanalakwe kalikonse, zonse zimene zinamugwetsa tinapanga ndife akuluakulu ndipo zonse zinali zopeweka.

Ndiye tiyambe ndi kuchepetsa. Mphamvu imene mwana akathamange nayo pa mpikisano inalowa kale m'thupi miyezi yapitayi, zimene muonjezere masiku 10 omaliza sizimupatsa liwiro koma kutopa basi. Sabata lachitatu mpikisano usanafike ndi lomaliza kugwira ntchito yolemera. Apa mungawapatse zitunda tsiku limodzi, kukwera mwamphamvu kwa mphindi imodzi nkutsika akuyenda, kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu malingana ndi msinkhu, ndipo tsiku lina patapita masiku awiri kapena atatu athamange kilomita imodzi imodzi katatu kapena kanayi pa liwiro limene akathamangire pa mpikisano, akupuma mphindi 2 kapena 3 pakati. Ngati mulibe poyezera, bwalo la mpira lokwanira bwino kulizungulira katatu kunja kwa mizere ndi pafupifupi kilomita, nthawi muwerengera pa foni. Masiku ena onsewo ndi kuthamanga pang'onopang'ono, ndipo pang'onopang'ono ndikutanthauza kuti ana awiri azitha kucheza akuthamanga osawefuka. Mukamva kuti zii palibe akuyankhula dziwani kuti ayamba kupikisana, abwezeni.

Sabata lachiwiri mpikisano usanafike chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse. Sabata la mpikisano chotsani theka kapena kupitirira, koma liwiro musalitaye, Lachiwiri athamange mamita 400 kanayi pa liwiro la mpikisano nkusiya akadali ndi chilakolako, Lachinayi mphindi 20 zofatsa ndi timaliwiro tifupitifupi tinayi, basi. Ana adzadandaula kuti miyendo ikuyabwa aphunzitsi tionjezere, ndiye kuti zikuyenda bwino, musawamvere. Ndipo mpira wa kumudzi sabata limeneli ayi ndithu, akakolo ambiri athyokera pa mpira wachikulunga patatsala masiku atatu. Makolo tithandizeni pamenepa, mwana asapite kukakumba mbatata tsiku lonse kapena kupalasa njinga ya makala sabata lomalizali, ntchitoyo imudikire.

Funsaninso msanga kwa okonza mpikisano kuti mtunda ndi wautali bwanji komanso akuwerenga ana angati pa timu. Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi anyamata osafika zaka 20 amathamanga makilomita 8, atsikana 6, akuluakulu 10, pomwe m'masekondale a ku America nthawi zambiri ndi makilomita 5. Mukakonzekera 3 nkukapeza 5 mwana asokonezeka mutu asanayambe nkomwe.

Tsopano kutentha, apa ndiye pamene ndikufuna tikhalitsepo. Mzinda wa Tete uli m'mphepete mwa Zambezi, pansi kwenikweni osafika ndi mamita 200, mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale mu Juni pamene kuno tikuotha moto m'mawa kumeneko dzuwa likangokwera kwatentha kale. Thupi limatenga sabata imodzi kapena awiri kuti lizolowere kutentha, limayamba kutuluka thukuta msanga, mtima sugundanso kwambiri. Ndalama zoti ana akakhale ku Tete masabata awiri palibe sukulu ili nazo, ndiye chimene tingapange ndi kusuntha nthawi. Kutatsala masabata awiri, kuthamanga kofatsa kuja kuchokeko kum'mamawa kupite nthawi imene dzuwa lafunda, cha m'ma 11 koloko kapena akangoweruka, kuyamba ndi mphindi 20 nkumaonjezera pang'ono pang'ono, madzi ali pafupi ndipo mphunzitsi ali pomwepo. Sindikunena zowakulunga ana m'mapepala a pulasitiki kapena majekete atatu ngati mmene ena amachitira ayi, zimenezo nzoopsa. Ndipo masiku a ntchito yolemera akhalebe nthawi yozizira.

Madzi aphunzitseni kudziyeza okha. Mkodzo ukakhala woyererako ndiye kuti zili bwino, ukakhala wachikasu kwambiri ngati tiyi mwana wauma. Pa ulendo wa chapa aliyense akhale ndi botolo lake ndipo mugwirizane ndi dalaivala musananyamuke kuti aziima, makamaka chifukwa cha atsikana, amachita manyazi kupempha ndiye amangosankha kusamwa. Tengani mapaketi a ORS, akasowa sungunulani masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Zakumwa zija za m'zitini zimene amati zopatsa mphamvu ana asamwe, zimathamangitsa mtima ndi kuwasowetsa tulo. Komanso asachite kudzikhuthulira malita nthawi imodzi atatsala pang'ono kuyamba, amwe pang'ono pang'ono kuyambira dzulo lake.

Mwana akayamba kudzandira, kuyankhula zosamveka, kusakudziwani kapena kugwa, musayambe ndi kumuyimitsa kuti ayende kapena kumuunjirira. Mthunzi msanga, muvuleni nsapato ndi malaya okhuthala, muthireni madzi ozizira thupi lonse osalekeza, nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, wina akukupiza wina akuthamangira achipatala. Ngati sakudziwa kanthu musamumwetse, angatsamwe. Kumuziziritsa kuyambe pomwepo osadikira galimoto.

Pali ana ena oti asakwere nawo chapa ngakhale ali akatswiri. Amene thupi latentha sabata limenelo, amene wangomaliza kumwa mankhwala a malungo, amene akutsegula m'mimba, akhale. Ndikudziwa kuti zimawawa, adiretori amafuna chikho, koma malungo amachepetsa magazi ndipo mwana wotero pa dzuwa la ku Tete mungamutaye. Wina mukaona kuti liwiro likungotsika popanda chifukwa, m'zikope mwayera, akuwefuka pa kachitunda kamene ankakwera akuseka, mutumizeni kuchipatala akamuyeze magazi, nthawi zambiri zimakhala kuchepa kwa magazi, njoka za m'mimba kapena likodzo, si ulesi. Atsikana ndi amene zimawagwira kwambiri chifukwa cha kumwezi, ndiye pa ulendo pakhale mphunzitsi wamkazi kapena mayi mmodzi woti angamasuke naye. Atsikanawa tisawaone ngati ongoperekeza anyamata, mendulo yagolide ya Olimpiki imene Mozambique ili nayo anabweretsa ndi mkazi, Maria de Lurdes Mutola, pa mamita 800 ku Sydney mu 2000, ndipo anayambira kumenya mpira ndi anyamata ku Maputo.

Chakudya sichifuna zambiri. Nsima, nyemba, kachewere, mbatata, bonongwe kapena chisoso chotendera, usipa kapena kapenta, dzira likapezeka, nthochi. Zimene amadya kunyumba zomwezo. Lamulo ndi loti chimene mwana sanadyepo kapena kuvalapo pokonzekera asachiyambire pa mpikisano. Madzulo a dzulo lake nsima kapena mpunga ndi ndiwo zopanda mafuta ambiri, m'mawa phala kapena buledi ndi tiyi maola atatu wezulo isanalire. Kanyenya ndi malambe adya akamaliza. Nsapato zikhale zakale zimene phazi linazizolowera, ndipo amene anazolowera chopanda nsapato musamukakamize tsiku lomwelo, koma muyambe mwayenda njira yonse kuona minga, magalasi osweka ndi mmene nthaka yatenthera.

Njirayo muiyende ndi ana onse madzulo mukangofika kapena m'mawa kwambiri. Aone pamene pali mchenga, pamene njira yapanikizika, pamene pali chitunda, ndipo mwana aliyense asankhe chizindikiro chake, mtengo wa mlambe kapena chulu, choti akafika pamenepo ulendo womaliza ndiye atsegule zonse.

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa corta-mato mawuwa amaoneka ndi maso. Pa 26 Malichi 2017 mpikisano wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Kampala, Joshua Cheptegei wa ku Uganda ali kwawo, anthu akukuwa, anathawa anzake nkutsogola patali ndithu. Ulendo womaliza miyendo inakana, Geoffrey Kamworor wa ku Kenya anamudutsa nkupambana, iye anafika akudzandira pa nambala 30. Munthu yemweyo mu 2019 ku Aarhus ku Denmark anadekha, anadikira nthawi yake nkupambana. Ngati zinamuchitikira katswiri wotero kuli bwanji mwana wa giredi 10 amene akuona mlatho wa Samora Machel wa ku Tete koyamba. Choncho auzeni kuti mamita 200 oyamba athamangeko ndithu kuti apeze malo asatsekeredwe pa njira yopapatiza, kenako akhazikike pa liwiro lija anayeserera pa bwalo. Kilomita yoyamba azimva ngati akusunga kenakake. Ana akumtunda akatsikira kuchigwa chifuwa chimapepuka ndiye amanyengeka kuti lero ndiye lero, osadziwa kuti dzuwa likuwadikira pa kilomita yachitatu. Pa chitunda afupikitse mapazi agwiritse manja, akafika pamwamba asapume, aonjezere masitepe khumi mwamphamvu chifukwa pamenepo ndi pamene ena onse amafooka.

China chimene aphunzitsi ambiri sitiwafotokozera ana ndi kawerengedwe ka timu. Amaphatikiza manambala amene ana afikira ndipo timu ya mapointi ochepa ndi imene yapambana. Tinene kuti akuwerenga ana anayi, sukulu ina yatenga 1, 2, 3 koma wachinayi wafika pa 30, onse pamodzi 36. Ina yafika 6, 7, 9 ndi 11, onse pamodzi 33, chikho chapita kwa achiwiriwa ngakhale palibe mwana wawo analowa m'atatu oyamba. Cheptegei uja kudzikoka kwake mpaka kumapeto kunathandiza kuti Uganda itenge mendulo ya bulonzi ya timu tsiku limenelo. Ndiye musamangoima pomalizira kudikira katswiri wanu, pitani pakati pa njira pamene palibe anthu mukamukuwire mwana wachinayi ndi wachisanu uja, mumutchule dzina, mumuuze kuti awiri ali kutsogolowo atopa awadutse. Ana a liwiro lofanana aziyenda awiriawiri, zimalimbitsa mtima.

Zotsalazi nzazing'ono koma zabweza ana pakhomo, BI (chitupa cha unzika) kapena cédula (kalata ya kubadwa) ya mwana aliyense ikhale mu envulopu imodzi kwa mphunzitsi, mapini a nambala, sokosi zapadera, chitenje chopangira mthunzi ngati mitengo kulibe. Kutenthetsa thupi mphindi 10 zakwana pa nyengo yotentha, kenako adikire pamthunzi osati kuima padzuwa ola lathunthu akumvera zoyankhula za alendo olemekezeka. Akamaliza asagone pansi pomwepo, ayendeyende, amwe, adye nthochi kapena amwe thobwa mkati mwa ola limodzi. Mukabwerera kumtunda apatseni sabata yathunthu yopuma, inu mulembe m'kope nthawi ya mwana aliyense, nambala imene anafikira, mmene kunatenthera ndi zimene anadya, kopelo likhale ku ofesi ya sukulu kuti ngakhale mutasamutsidwa amene adzabwere adzapeze poyambira.