Kuika gasiketi ya intake manifold: silikoni apakidwe kapena ayi?

Mwezi wa June ukafika, m'mawa kuno ku Harare kumazizira mpaka zala kuuma, ndipo ndi nyengo imene ma Toyota Wish ndi ma Corolla a injini ya 1ZZ amachuluka kwathu ku Gazaland, ku Highfield. Dandaulo limakhala limodzi: akangoliza galimoto injini imanjenjemera, nyale ya check engine yayaka, makina oyezera galimoto akuwerenga P0171, nambala yosonyeza kuti mpweya wachuluka kuposa mulingo wa petulo. Kawirikawiri vuto limakhala gasiketi ya intake manifold, chija chimagawira mpweya m'masilinda. Labala wake akakalamba amauma, kukazizira amakhwinyata, ndiye injini imakoka mpweya wolowera pambali umene kompyuta sinauwerenge.

Achimwene ena a ku Mufakose anandibweretsera Wish imene wina anali ataikonza kale. Nditamasula manifold ndinapeza silikoni wofiira ali lendelende m'mabowo a mpweya, wina atanyotsoka kale n'kulowa m'kati. Mtima unandiwawa, chifukwa gasiketi yake inali yatsopano ndithu, ndipo chimene chinaiwononga ndi silikoniyo.

Ndiye musanagule chubu cha silikoni ku Kaguvi Street, yang'anani kaye mtundu wa gasiketi yanu. Ngati ndi ya labala yolowa mu kangalande ka manifold yapulasitiki, monga ya 1ZZ, iikeni youma. Labalayo amatseka chifukwa chopanikizika. Mukapaka silikoni amaterera n'kutuluka m'malo mwake. Gasiketi yachitsulo yokutidwa kale ndi utoto wake, kapena yokhala ndi kamzere ka labala kuzungulira mabowo, nayonso iikeni youma. Dziwaninso kuti silikoni wamba sagwirizana ndi petulo: akamakhudzana naye amafewa n'kumasuka.

Ntchito iyambe injini itazizira. Chotsani waya wa negative pa batire, jambulani ndi foni mapaipi ndi mawaya onse musanawazule, kenako masulani mabauti. Manifold ikangochoka, tsekani mabowo a hedi (mutu wa injini, pamene manifold imamangidwa) ndi tinsanza toyera, ndipo muwerenge kuti mwaika tingati.

Pamene ndimathera nthawi yambiri ndi poyeretsa. Hedi zambiri masiku ano ndi za aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo mpeni kapena sikuludiraiva imasiya zipsera zimene gasiketi singathe kutseka. Palani ndi kachipalo kapulasitiki, modekha. Tizimbale tokhakhala toika ku dirilo musatiyandikize n'komwe: timadya chitsulo, ndipo mchenga wake ukagwera mu oyilo umakadya ma bearing. Mukatha pukutani ndi brake cleaner kuti pasatsale mafuta, kenako goneketsani chitsulo chowongoka bwino pamwamba pa manifold muone ngati sipakutsala mpata. Manifold yopindika kapena yong'aluka imafuna kukonzedwa kapena kusinthidwa. Kuidzaza ndi silikoni n'kungochedwetsa vuto milungu ingapo.

Silikoni ali ndi malo ake. Pa injini zina za V, monga ma V8 akale a Chevrolet ndi Ford, manifold imakhala pakati pa mahedi awiri ndipo imatsekanso oyilo kutsogolo ndi kumbuyo kwa buloko (thunthu la injini). Pamakona anayi pamene hedi, buloko ndi gasiketi zimakumana, ikani kadontho. Ngati buku la injiniyo likunena kuti m'mphepete ziwirizo muikidwe silikoni m'malo mwa labala, kokani mzere umodzi wosadukiza, wonenepa mamilimita 5 kapena 6. Ngati dzimbiri lakumba timaenje kuzungulira bowo la madzi, mungapake pang'ono kwambiri ndi chala, koma pa bowo la mpweya ayi. Gulani wolembedwa kuti sensor safe. Uja amanunkha ngati viniga amatha kupha oxygen sensor (kachipangizo koyeza mpweya mu utsi wa injini), ndipo wa m'bafa asafike n'komwe pafupi ndi injini. Mukapaka musachedwe, tsitsani manifold molunjika silikoni asanayambe kuuma pamwamba, osaikhwekhwereza uku ndi uku.

Musanatseke, tulutsani tinsanza tija n'kutiwerenganso. Lowetsani mabauti onse ndi zala, kenako mangani kuyambira pakati kupita kunja, mopingasa, kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse mukuwonjezera mphamvu pang'ono mpaka mulingo wa m'buku. Apa bwerekani torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bauti, ngati mulibe. Pulasitiki imang'aluka ndi dzanja lolemera, ndipo mazinga a m'hedi ya aluminiyamu sachedwa kutha.

Ngati mwagwiritsa ntchito silikoni, galimoto igone maola 24 musanailize, ngakhale mwini wake akuumirireni kuti ali ndi ulendo wa ku Chitungwiza. Ngati gasiketi mwaiika youma, mungathe kuliza nthawi yomweyo. Fufutani P0171 ndi makina, koma chiweruzo chenicheni mudikire m'mawa wotsatira kukuzizira: imani pafupi, mumvetsere ngati injini ikuyenda mofatsa popanda kamluzu ka mpweya m'mbali mwa manifold.