Moto wa kudzala, phulusa lake ndi dzira lomwe mwana akudya

M'Chibavi, ku Zolozolo ngakhale ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu, dzuwa likamapendeka utsi umafuka kuseri kwa nyumba zambiri. Zomwe zikupsa ndi makoko a nthochi, masamba, majumbo, mabotolo a pulasitiki, matewera otaya ndi zidutswa za mapaipi, zonse pa mulu umodzi. Eni ake amati akusamala pakhomo, koma moto wotere umapanga ziphe ziwiri, dioxin ndi furan, zomwe zili m'gulu la mankhwala osaola msanga otchedwa ma POPs.

Mankhwala a gululi amakhala m'nthaka zaka zambirimbiri osaguga. Sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, choncho akalowa m'thupi satuluka ndi mkodzo kapena thukuta. Amakakhala m'mafuta a thupi n'kumaunjikana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pamatenga zaka 7 mpaka 11 kuti theka lokha la dioxin lichoke m'thupi la munthu. Mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha thupi, amasokoneza ubereki ndi kakulidwe ka mwana m'mimba, amaononga chiwindi, ndipo ena amayambitsa khansa. N'chifukwa chake mayiko anasainirana pangano ku Stockholm mu 2001 kuti athane nawo, kuyamba ndi mitundu 12, ndipo Malawi ali m'panganoli.

Kuno ku Mzuzu nyengo ikutipweteketsa. Mvula imakhalitsa, ndipo mu Juni ndi Julayi kumakhala mame ndi nkhungu, kotero zinyalala siziuma. Zinyalala zonyowa sizilirima, zimangonyeka pansipansi usiku wonse. Dioxin amapangika kwambiri pa moto wozizira chonchi, wa madigiri apakati pa 200 ndi 400, makamaka pakakhala mankhwala otchedwa chlorine. Chlorine ameneyu ali m'mapaipi a PVC, m'makoko a mawaya a magetsi, m'makapeti a pulasitiki ngakhalenso mumchere wa zakudya zotsala. Ng'anjo zenizeni zootchera zinyalala zimapitirira madigiri 850, ndipo dzenje la kuseri kwa nyumba silingafikeko ngakhale mutathira parafini. Anyamata ootcha mawaya kuti apeze kopa wogulitsa ndiye amachita kunyanya, pakuti kopayo amafulumizitsa kupangika kwa chiphechi.

Utsi ndi woipa, inde, koma zoposa 90 pa 100 za dioxin amene amalowa mwa anthu zimadzera m'zakudya zamafuta: nyama, mkaka, nsomba ndi mazira. Taonani nkhuku yachikuda m'mawa. Imathamangira kudzala, n'kupalasa phulusa kufuna nyongolotsi ndi mphutsi, n'kumeza dothi pamodzi ndi zomwe yatola, kenako n'kusamba m'phulusa lomwelo. Chiphe chimakakhala m'mafuta ake ndi m'chikasu cha dzira. Nkhukuyo siyidwala, dzira silisintha fungo kapena kakomedwe, ndipo kuwiritsa kapena kukazinga sikuchotsa kanthu. Dziralo ndi lomwe timaika m'phala la mwana poti ndi lopatsa thanzi.

Ndiye yambani ndi kulekanitsa zinyalala. Zoola zonse, monga makoko, masamba, udzu ndi zitosi, zipite kudzenje la manyowa. Kumbani lakuya mita imodzi pamalo osadikha madzi, muziyala zouma ndi zaziwisi mosinthanitsa, mukumwaza dothi pang'ono pamwamba, ndipo muzitembenuza pakatha milungu iwiri kapena itatu. Likamanunkha ndiye kuti madzi achuluka; onjezani udzu wouma ndi kufunditsa. Mapulasitiki asungeni ouma m'thumba lawolawo, mupereke kwa otolera zinyalala kapena mukasiye m'malo omwe khonsolo ya mzinda inaika. Poyatsa mbaula musagwiritse jumbo. Tinkhuni tong'alula, zitsononkho kapena pepala wamba zimagwira ntchito yomweyo.

Ngati pakhomo pali kale malo omwe mwakhala mukuotcherapo, nyowetsani pang'ono kuti fumbi lisauluke, palani phulusa ndi dothi lapamwamba ndi fosholo, muike m'matumba n'kumanga, apite ndi zinyalala zina. Kenako thiranipo dothi latsopano ndi kutchinga kuti nkhuku ndi ana asafikepo. Nkhuku zikhale mumpanda, chakudya chawo chizikhala m'chodyera, osati pansi.

Phulusa limafuna tcheru chapadera chifukwa timaligwiritsa ntchito zambiri. La nkhuni zoyera lilibe vuto. Koma lomwe munapsera pulasitiki, matabwa opaka penti kapena mitengo yonyikidwa m'mankhwala musathire m'dimba, musasakanize ndi nyemba zosunga, ndipo musachezere chidulo cha therere. Ziwiya za maphulusa awiriwa zisiyane.

Palinso mankhwala akale a kumunda omwe ali m'gulu lomweli la ma POPs. Aldrin ndi dieldrin ankapopera mbozi yoboola thunthu la khofi komanso chiswe. Chlordane ankathira m'maziko a nyumba. DDT ndi endosulfan ankagwira ntchito pa mbewu zosiyanasiyana. Zitini zake zimapezekabe m'mashedi akale, zadzimbiri, zopanda chizindikiro. Musatsegule, musanunkhize, musakwirire, ndipo musatsanulire mumngalande, poti madzi a m'tauni muno amatsikira m'madambo ndi mumtsinje wa Lunyangwa momwe ena akulima masamba. Valani magolovesi, ikani chitinicho mundowa yokhala ndi chivundikiro, mutsekere pouma, ndipo muuze mlangizi wa dera lanu kuti alumikizane ndi a Pesticides Control Board. Chikadontha, thiranipo mchenga kapena utuchi, muole n'kuika mundowa yomweyo. Mankhwala otsanulidwa m'timabotolo ta zakumwa omwe mavenda amati "awa ngamphamvu" asiyeni. Si onse omwe ali a gulu ili, koma popanda lebulo ngakhale wogulitsayo sadziwa chomwe chilimo.

Ochita geni ya chiwaya, mafuta otchipa osadziwika kochokera musagule. Mafuta obedwa m'mathiransifoma a ESCOM si odyedwa, ndipo a m'mathiransifoma akale akhoza kukhala ndi ziphe zotchedwa ma PCB, omwenso ali pa mndandanda wa Stockholm. Ku Japan mu 1968 ma PCB atalowa m'mafuta ophikira, anthu ambiri anatuluka zilonda pakhungu, ndipo amayi ena anabereka ana akhungu lodera ndi onyentchera. Maso okha sangakuuzeni, choncho gulani a m'chigubu chomata, chokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Amayi oyamwitsa ena akamva kuti ziphezi zimadutsa mumkaka wa m'mawere amaganiza zosiyitsa mwana. Musatero. Ubwino wa bere umaposa kutali chiopsezochi, ndipo malangizo a chipatala ndi omwe aja: bere lokha miyezi 6 yoyamba, kenako kupitiriza pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Choyenera kusintha ndi komwe nkhuku zikudya ndi zomwe zikupsa pafupi ndi khitchini.