Musanagule inshuwaransi ya campervan ku Britain

Anzanga amene mwasandutsa vani kukhala campervan (galimoto yogonamo ndi kuphikiramo paulendo) kuno ku Britain, musathamangire inshuwaransi yotchipa ya vani wamba. Galimoto ikapsa kapena kubedwa, a kampani ya inshuwaransi adzakulipirani mtengo wa vani yopanda kanthu. Bedi, chitofu ndi sola ya padenga zidzangopita choncho.

Ine ndinajambula mkati monse, mpaka kabati yomwe ndinakhoma ndekha, ndinasonkhanitsa malisiti, kenako ndinapempha kuti mtengo wa galimotoyo tigwirizane pasadakhale ndipo ulembedwe. Iwo amati agreed value. Tchulaninso chilichonse chomwe mwasintha, ngakhale zenera limodzi lomwe munaboola, chifukwa chomwe mwabisa ndi chomwe amakanira kulipira.

Ngati mumangoyenda nayo pa tchuthi, auzeni mamailosi anu enieni a pachaka. Akakhala ochepa, mtengo wa inshuwaransi nawo umatsika.